Kodi Angela Merkel analidi wasayansi, kapena "Dr" wake ndi waulere?

Nachisale_22

Moni nonse a pano. Ndili chaka chachiwiri ku koleji, ndikupanga fizikisi, nde Lamlungu lapitali tinakangana ndi amalume mpaka nsima kuzizira. Iwo akuti ndikungotaya nthawi, fizikisi imathera pa choko basi, ndikanafuna kudzakhala munthu woti anthu azindimvera ndikanatenga zamalamulo. Ine pofuna kuwatseka pakamwa ndinatchula Angela Merkel, kuti mayi uja walamulira Germany zaka 16 koma anayambira mu labu. Amalume anangoseka, akuti "Dr" wa andale timamudziwa ife, amapatsana pa mwambo atavala mikanjo koma palibe amene anaonapo chomwe anafufuza.

Kunena chilungamo ndinasowa choyankha chifukwa chomwe ndimadziwa cha mayiyu ndi ka vidiyo kaja ka nthawi ya Covid komwe ankafotokoza manambala, kenako zithunzi zake atagundanitsa zala kutsogolo kwa mimba. Nde ndafuna ndifunse kwa odziwa. Kodi anagwiradi ntchito ya sayansi kapena anangodutsamo? Nanga zinatheka bwanji kuchoka mu labu mpaka kukhala mtsogoleri wa dziko? Komanso chomwe ndikufunitsitsa kudziwa, sayansiyo inamuthandiza polamulira kapena ndi zongokometsera mbiri? Ndikubwereranso kunyumba kumapeto a mwezi ndipo sindikufuna kukagonjanso kkkk.

Aphunzitsi_Opuma

Mwanawe, amalume akowo pa nkhani ya "Dr" alakwitsa, ukawauze mwaulemu. Mayiyu ali nawo ma digiri aulemu ambiri ndithu, koma udokotala wake woyamba anaukhetsera thukuta. Ndinaphunzitsa Physical Science zaka zambiri ndipo mbiri yake ndinkaigwiritsa ntchito polimbikitsa atsikana a Fomu 3 omwe ankathawa masamu, nde ndilole ndiyambire patali pang'ono.

Anabadwa pa 17 July 1954 ku Hamburg, komwe kunali ku West Germany, dzina lake Angela Kasner. Bambo ake Horst Kasner anali m'busa wa mpingo wa Lutheran ndipo mwanayu ali ndi masabata ochepa chabe anasamutsa banja kupita ku East Germany, dziko la chikomyunizimu, pa nthawi yomwe anthu zikwizikwi ankathawa kumeneko kulowera kumadzulo. Iwo ankayenda mosemphana ndi gulu. Anakulira ku Templin, ka tauni ka kumpoto kwa Berlin, pa malo a mpingo pomwe ankasamaliranso anthu olumala. Mayi ake a Herlind anali mphunzitsi wa Chingerezi ndi Chilatini koma boma silinawalole kuphunzitsa m'sukulu zake chifukwa anali akazi a abusa. Ichi uchigwire, chifukwa mwana wa m'busa m'dziko limene lija ankadziwa kuyambira ali wamng'ono kuti akumuyang'anitsitsa, ayenera kukhoza kuposa anzake ndipo asamangoyankhula chilichonse paliponse. Kusukulu ankaswa masamu ndi Chirasha, mpaka kuwina mipikisano ya Chirasha.

Mu 1973 anapita ku yunivesite ya ku Leipzig, nthawi imeneyo inkatchedwa Karl Marx, kukapanga fizikisi ngati iweyo, anamaliza 1978. Chifukwa chomwe mwiniwake wakhala akupereka ndi choti mu maphunziro ngati a mbiri yakale kapena zamalamulo chipani chinkakuuza yankho, pomwe mu fizikisi boma silingasinthe malamulo a chilengedwe, kuchulukitsa 2 ndi 2 kumapereka 4 kaya akulamula ndani. Dzina la Merkel ndi la mwamuna wake woyamba Ulrich Merkel, mnzake wa fizikisi, anakwatirana 1977 banja linatha 1982 koma dzina anasunga.

Kuyambira 1978 mpaka khoma la Berlin, lomwe linkalekanitsa kum'mawa ndi kumadzulo, litagwa ankagwira ntchito ku Berlin, dera la Adlershof, pa malo ofufuzira za physical chemistry a Academy of Sciences. Udokotala anaupeza 1986 mu quantum chemistry. Usaganize za mabotolo ofuka utsi ai, ntchito yake inali ya pepala, pensulo ndi makompyuta akalekale aja. Ankawerengera liwiro lomwe mamolekyu a ma hydrocarbon amasweka nalo pamene chomangira chimodzi pakati pa ma atomu chaduka. Ntchito yofuna kudekha, umawerengera masabata kenako n'kupeza kuti unalakwitsa poyambirira. Analemba nawo mapepala angapo m'magazini a sayansi. Sindikunamiza kuti anali Marie Curie, sanatulukire chinthu chogwedeza dziko, koma zaka 12 pa desiki ya kafukufuku si kungodutsamo.

Za ndale zinabwera mochedwa, ali ndi zaka 35. Usiku wa pa 9 November 1989 pomwe khoma la Berlin linatseguka, iye anapita kaye ku sauna ndi mnzake monga ankachitira Lachinayi lililonse, atatuluka m'pamene analowa m'chigulu kuwolokera kumadzulo, n'kubwerera msanga chifukwa mawa lake kunali ntchito. Mu December analowa kachipani katsopano kotchedwa Demokratischer Aufbruch ndipo ntchito yake yoyamba inali kumasula makompyuta m'makatoni n'kuwalumikiza, poti ena onse mu ofesimo sankadziwa poyambira. Kenako anakhala wowayankhulira. Kachipaniko kanagwa chagada pa chisankho cha March 1990, sikanafike ndi 1 peresenti yomwe, mtsogoleri wake Wolfgang Schnur atadziwika kuti anali kazitape wa Stasi, apolisi achinsinsi aja. Koma Lothar de Maizière yemwe anapambana anamutenga kukhala wachiwiri kwa mneneri wa boma lomaliza la East Germany.

Maiko awiri aja ataphatikizana kukhala dziko limodzi pa 3 October 1990, anaimira chipani cha CDU ku dera la Stralsund ndi chilumba cha Rügen n'kupambana uphungu mu December. January 1991 Helmut Kohl, yemwe anali chansela (mtsogoleri wa boma la Germany), anamupatsa unduna wa amayi ndi achinyamata. Tangowerenga wekha, kuchokera pomasula makatoni kufika pa unduna ndi chaka chimodzi ndi mwezi. Mu 1994 anakhala nduna ya zachilengedwe ndipo ndi iye anatsogolera msonkhano woyamba wa COP wa zakusintha kwa nyengo ku Berlin mu 1995. Mu 2000 mtsogoleri wa chipani, pa 22 November 2005 chansela, mayi woyamba komanso woyamba wokulira kum'mawa, mpaka pa 8 December 2021.

Funso lako lomaliza ine ndimayankha kuti eya. Munthu wozolowera labu sathamangira yankho asanaone manambala, ndipo umu ndi momwe ankalamulira. Koma ndikudziwa alipo pano otsutsa.

Mjomba_wa_ku_NRW

Aphunzitsi mwayala bwino mbiri, palibe chomwe ndingachotsepo, koma pa mzere womalizawo ndiye tisiyana. Ine ndakhala kuno ku Germany kuyambira 2012, bilu ya magetsi ndi gasi ndimalipira ndekha, nde ndiloleni ndiyankhule ngati munthu yemwe zinamukhudza m'thumba.

Choyamba achemwali musatengeke ndi nkhani yoti anakwera chifukwa cha nzeru za fizikisi. Kohl ankafuna nduna yoti ikhale mkazi, wachichepere, wa Chipulotesitanti komanso wochokera kum'mawa, kuti boma lioneke la dziko lonse, nde mayiyu anali ndi zonsezo mwa munthu mmodzi. Kohl ankamutchula kuti "mein Mädchen", ngati kunena kuti kamtsikana kanga, ndipo azibambo a m'chipani ankamuona ngati wongodzazitsa mpando. Apa ndi pomwe anawapusitsira. Mu 1999 itaphulika nkhani ya ndalama zachinsinsi zomwe chipani chinkalandira, Kohl n'kukana kutchula omwe anapereka, azibambo onse aja anangoti zii kuopa mdala. Merkel, ali mlembi wamkulu wa chipani, analemba nkhani mu nyuzipepala ya Frankfurter Allgemeine Zeitung mu December chaka chomwecho kunena kuti chipani chiphunzire kuyenda chopanda Kohl, ndipo analemba osamuuza ngakhale Wolfgang Schäuble yemwe anali bwana wake. Patangopita miyezi inayi mpando unali wake. Mu 2002 anamusiyira Edmund Stoiber kuti aimire uchansela, Stoiber analuza, iye n'kutenga utsogoleri wa aphungu a chipani m'manja mwa Friedrich Merz. Merz yemweyu anachita kudikira mpaka 2025 kuti akhale chansela. Aphunzitsi, zimenezi mu silabasi ya Physical Science zilimo? Izi ndi ndale zenizeni, zobaya mwakachetechete.

Tsopano nkhani ya nyukiliya, yomwe kwa ine ndi mayeso enieni chifukwa apa ndi pomwe munthu wa fizikisi amayenera kuoneka. Chakumapeto kwa 2010 boma lake linawonjezera zaka zogwira ntchito za malo opangira magetsi a nyukiliya, iye akunena kuti ndi otetezeka. Pa 11 March 2011 kunachitika chivomerezi ndi tsunami ku Japan, Fukushima n'kuwonongeka. Pasanathe sabata anaimitsa ma riyakita akale, 8 sanayatsidwenso, ndipo pofika June lamulo linadutsa loti onse adzatsekedwe pofika 2022. Funso langa ndi ili, fizikisi ya ma riyakita a ku Germany inasintha chani pakati pa October ndi March? Ku Bavaria kulibe tsunami. Chomwe chinalipo ndi chisankho cha ku Baden-Württemberg pa 27 March, komwe anthu anali atakwiya ndi nyukiliya, ndipo ngakhale anatembenuka choncho CDU inataya boma la chigawocho lomwe inaligwira zaka 58, a chipani cha Green n'kutenga. Iye ankati Fukushima inamusintha maganizo poona kuti ngakhale dziko la luso ngati Japan lalephera. Mwina ndi zoona. Koma manambala omwe ndikuona kuti ankawerenga nthawi imeneyo ndi a mavoti.

Nde ukatseka nyukiliya magetsi uwatenga kuti? Mphepo ndi dzuwa zinakula ndithu, ndisaname, koma malasha anapitirira ndipo gasi wa ku Russia ndiye anakhala msana wa mafakitale ndi zotenthetsera m'nyumba. Paipi ya Nord Stream 1 anasainira Gerhard Schröder, chansela yemwe Merkel anamulowa m'malo, koma anaitsegulira ndi Merkel mu 2011. Putin atalanda Crimea mu 2014, chaka chotsatira anthu akugwirizana za Nord Stream 2, a ku Poland ndi maiko a Baltic akukuwa kuti mukudzimangirira chingwe pakhosi, iye ankati ndi nkhani ya bizinesi. Pomwe amachoka, gasi woposa theka yemwe Germany inkagula kunja ankachokera ku Russia. February 2022 nkhondo ya Ukraine, iye atapuma miyezi iwiri yokha, ife ndi amene tinaona zakuda, kunyumba kwanga tinkagona ndi majuzi awiri kuopa bilu. Ndipo sikuti mayiyu sankamudziwa Putin, amayankhula Chirasha bwinobwino, ndipo mu 2007 ku Sochi bamboyo analowetsa galu wake wamkulu wakuda m'chipinda cha zokambirana pomwe zinkadziwika kuti mayiyu amaopa agalu.

Ajeremani mpaka anapanga mneni kuchokera ku dzina lake, "merkeln", kutanthauza kungokhala osapanga chiganizo, kudikira kuti uone mphepo ikulowera kuti. Aphunzitsi mukuti ndi kudekha kwa mu labu. Ena kuno amati ndi chifukwa chake masitima akuchedwa, milatho yakalamba ndipo maofesi a boma mpaka lero amafuna fakisi.

Chimutu_Original

Kkkkk Mjomba mwabwera ndi ukali wa bilu ya gasi. Koma abale funso la mtsikanayu likundikumbutsa kuti ifenso tinayambira kwa dokotala weniweni, Kamuzu sanali "Dr" wa mkanjo, anaphunzira ku Meharry ku America n'kukawonjezera ku Edinburgh, odwala ankawaona ndithu ku London. Nde mufunse agogo anu ngati udokotalawo unkaoneka pomwe munthu wagwidwa alibe khadi la chipani. Margaret Thatcher nayenso anapanga kemisitiri ku Oxford, kafunseni a m'migodi ya malasha ku UK kuti amamukumbukira bwanji. Ku Mauritius Ameenah Gurib-Fakim, pulofesa wofufuza za zomera zamankhwala, anakhala pulezidenti 2015 n'kutula pansi 2018 pa nkhani ya kirediti kadi. Satifiketi siilamulira dziko amwene. Amalume akowo uwagulire Fanta basi mugwirizane.

Nesi_wa_Usiku

A Chimutu nthabwala zanu zili ndi mfundo koma mwathawa funso. Ine ndiyankhapo pa ka vidiyo komwe Nachisale watchula chifukwa nthawi imene ija ndinali mu wodi ndipo tinkatumizirana pa WhatsApp anamwino tonse.

Munali mu April 2020. Anafunsidwa za kumasula malamulo a lokodauni nde anayamba kufotokoza nambala ija amati R, kuti munthu mmodzi wodwala akupatsira anthu angati. Anati panopa tili pafupifupi pa 1, mmodzi akupatsira mmodzi. Ikangokwera kufika 1.1 zipatala zathu zidzadzaza mu October. Ikafika 1.2 zidzadzaza mu July. Pa 1.3 ndiye June. Anafotokozanso kuti 1.2 ikutanthauza kuti mwa anthu asanu, anayi akupatsira mmodzimmodzi koma mmodzi akupatsira awiri. Basi, osakweza mawu, osaopseza, osalonjeza zozizwitsa. Inu a fizikisi mukudziwa kuti chinthu chomakula modzichulukitsa chimapusitsa mutu wa munthu, umaona ngati 1.1 ndi 1.3 ndi zofanana pomwe kusiyana kwake ndi miyezi inayi ya mabedi. Atsogoleri ambiri nthawi imene ija ankangowerenga zomwe awalembera ndipo ukawayang'ana kumaso unkaona kuti sakuzimva, ena mpaka kumauza anthu zakumwa zoti sizinayesedwe n'komwe. Uyu ankazimva, ndipo kwa ife ogona m'chipatala zinali zolimbitsa mtima ngakhale silinali dziko lathu.

Nde Mjomba, pamenepa sayansi inagwira ntchito, musakane. Kungoti chomwe ndinaona pambuyo pake n'choti kumvetsa manambala ndi kwina, kuti anthu akumvere ndi kwinanso. Ku Germany malamulo a zaumoyo ambiri ali m'manja mwa zigawo 16 zija, nde chakumapeto kwa 2020 iye ankachenjeza kuti matenda akwera ikafika Khirisimasi, akuluakulu a zigawo ankakokera uku ndi uku, ndipo funde lachiwiri linapha anthu ambiri kuposa loyamba. Mu March 2021 analengeza zotseka dziko masiku a Pasaka, tsiku lotsatira n'kuzibweza, anaima pamaso pa anthu kunena kuti kulakwitsaku ndi kwanga ndekha ndipo ndikupepesa. Kaya izi anaziphunzira mu labu kaya ku nyumba ya abusa, koma ine pa zaka zanga sindinamvepo kawirikawiri wandale akuyankhula choncho.

Nachisale_22

Eeh zikomo nonse, sindimayembekezera kuti mundipatsa zambiri chonchi, ndakopera zonse mu foni. Aphunzitsi nkhani ya sauna yandipha kkkk, dziko likusintha munthu ali phee ndi thaulo. Koma Mjomba mwandisokoneza tsopano, chifukwa ndikawauza amalume za Kohl ndi nyuzipepala ija adzati waona, si fizikisi inamukweza, ndi ukathyali. Ndipo pali china chomwe palibe wachitchula, nkhani ya othawa kwawo mu 2015. Ngati analidi munthu wodikira kuona mphepo monga mukunenera, bwanji anapanga chinthu chomwe chinamudanitsa ndi chipani chake chomwe? Apa sizikugwirizana. Komanso mnzanga wina akuti anali wa chipani cha chikomyunizimu ali mtsikana, zoona?

Mjomba_wa_ku_NRW

Achemwali mwafunsa bwino ndipo apa ndivomere, 2015 simalowa mu nkhani yanga ija. Kumapeto kwa August ananena mawu aja "Wir schaffen das", kutanthauza kuti tikwanitsa, ndipo usiku wa pa 4 September anthu omwe anatsekeredwa ku Budapest atayamba kuyenda wapansi mumsewu waukulu kulowera ku Austria, anagwirizana ndi chansela wa Austria kuti asawabweze. Chaka chimenecho analowa anthu pafupifupi 890,000 opempha chitetezo, ambiri a ku Syria, Afghanistan ndi Iraq. Ine ndinaona ndi maso anga maholo a masewera a sukulu atasanduka malo ogona. Horst Seehofer wa ku Bavaria, wa chipani chapachibale, anamuukira poyera, ndipo AfD, chipani chotsutsa kulandira obwera, yomwe inali ikuzilala inadzuka n'kulowa nyumba ya malamulo mu 2017 ndi 12.6 peresenti. Ife akuda okhala kuno zotsatira zake timazimva m'sitima, sindinama. Komabe sindingamunene kuti analakwa kusatseka chipata pamaso pa ana, ndipo ambiri mwa anyamata aja lero ndimagwira nawo ntchito, amalipira msonkho ngati ine. Koma onani, March 2016 anakapangana ndi Turkey kuti iziwagwira anthu asawoloke nyanja, EU n'kulonjeza mabiliyoni a ma euro. Nde mtima unagwira ntchito miyezi ingapo, kenako kuwerengera kunabwerera.

Aphunzitsi_Opuma

Mjomba, za nyukiliya mwandigwira, ndilibe chobweza. Inenso monga munthu wa fizikisi zinandiwawa pomwe ma riyakita atatu omaliza anazimitsidwa mu April 2023 malasha akuyakabe. Ndikonzeko pang'ono zomwe ndinanena poyamba paja.

Mwanawe za chipani, sanali membala wa SED, chipani cholamula. Anali mu FDJ, gulu la achinyamata lomwe pafupifupi mwana aliyense wofuna kupita ku yunivesite ankalowa, a msinkhu wanga akumbukira momwe zinkakhalira ndi mayufi. Pali mkangano pa udindo womwe anali nawo mu gululo ku Academy, ena omwe ankagwira naye ntchito amati unali wofalitsa mfundo za chipani, iye amati unali wa zachikhalidwe, kugula matikiti a zisudzo ndi kukonza zokambirana. Sanali womenyera ufulu, sanamangidwepo, ndipo mwiniwake sanadzitchulepo ngwazi. Koma mu 1978 akufunsira ntchito pa koleji ya ku Ilmenau, a Stasi anamukokera pambali kuti azikawauza za anzake. Iye anakana powauza kuti ndi wolongolola, sangasunge chinsinsi, njira yomwe makolo ake anamuphunzitsa. Ntchitoyo sanaipeze. Taganiza, munthu yemwe dziko lonse linadzamudziwa kuti satulutsa mawu mwachisawawa anapulumuka podzinamizira kulongolola.

Nde pomwe ndafika ine pamenepa, nditamva a Mjomba ndi a Nesi, ndi poti mwa mayiyu munali masukulu atatu ndipo ife aphunzitsi a sayansi timakonda kutchula imodzi yokha chifukwa imatikomera. Labu inamupatsa kusaopa manambala ndi mafayilo, ankalowa mu zokambirana za EU ku Brussels atawerenga zonse ndipo ankatha kukhala mpaka mbandakucha ena atatopa, monga ku Minsk mu February 2015 komwe anakambirana za nkhondo ya kum'mawa kwa Ukraine usiku wonse. East Germany inamuphunzitsa kutseka pakamwa, kuyang'ana kaye ndi kulola kuti akuderere, ndipo izi ndi zomwe zinagwetsa azibambo a CDU aja. Pomwe 2015 ine ndimaona mwana wa m'busa wokulira pakati pa olumala ku Templin, komanso munthu yemwe anakhala zaka 28 kuseri kwa khoma ndipo sankafuna kukhala womanga lina. Pali kankhani komwe amakakonda olemba mbiri yake, kuti ali mwana pa phunziro la kusambira anaima pa thabwa lodumphira pafupifupi piriyodi yonse, n'kudumpha belu litatsala pang'ono kulira. Khalidwe limenelo analinalo asanaone khomo la yunivesite.

Amalume akowo usakawauze kuti fizikisi imapanga mtsogoleri wabwino, a Chimutu akugwetsa ndi zitsanzo zawo zija. Ukawauze zoti "Dr" uja ndi wa 1986, wa kafukufuku, ndipo mwamuna wake wachiwiri Joachim Sauer yemwe anakwatirana naye 1998 ndi pulofesa wa quantum chemistry yemwe anapitiriza ntchito yake pa Humboldt University mkazi wake akulamulira dziko, moti tsiku lomwe mkaziyo ankasankhidwa uchansela mu 2005 bamboyo sanapite ku nyumba ya malamulo, anaonera pa TV. Ukawonjezerenso kuti Mexico pano ikulamulidwa ndi Claudia Sheinbaum kuyambira October 2024, digiri yake yoyamba ndi ya fizikisi. Za choko zija ndiye usawayankhe, ndiwayankha ndine ukandipatsa nambala yawo, ndadya choko zaka zambiri ndipo sindinafe.

Nesi_wa_Usiku

Aphunzitsi nambala musapatsidwe, mungawalembetse mayeso amalume a eni kkkk. Nachisale, iwe limbikira ma equation akowo, mayeso a semesita ali pafupi. Ukabwerako kumapeto a mwezi udzatiuze kuti nsima inazizira kachiwiri kapena ai.

Chimutu_Original

Fanta ija musaiwale. Ndipo Mjomba, majuzi awiri aja mukawamaliza tumizani kuno, June ku Dedza sikusewera.